Nthambo ya Faiba Ikaduka, Mauthenga Amadzera Kuti?

Lamlungu pa 12 Meyi 2024, intaneti inayamba kuvuta nthawi imodzi m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa. Ku Tanzania ndi kumene zinthu zinafika poipa kwambiri, koma ku Kenya, ku Uganda, ku Rwanda, ku Mozambique ndi kuno ku Malawi anthu anaonanso foni ikusonyeza kuti netiweki ilipo pamene masamba akukana kutseguka ndipo mauthenga akuchedwa kupita. Nthambo ziwiri zikuluzikulu za pansi pa nyanja yamchere, ya EASSy ndi ya SEACOM, zinali zitaduka tsiku lomwelo kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa. Chimene chimandikhudza pa nkhani imeneyi n'chakuti makampani ambiri amene anakhudzidwa sanali osasamala. Ambiri anali atagula malo pa nthambo zonse ziwirizo, n'cholinga choti ina ikaduka, inayo iwanyamule, koma chitetezo chimene analipira chinawasiya pa tsiku lomwe ankachifunitsitsa.

Mainjiniya a zamtokoma samanga netiweki poganiza kuti nthambo siidzaduka. Pansi pa nyanja za dziko lonse nthambo zimawonongeka maulendo pakati pa 150 ndi 200 chaka chilichonse, ndipo kawirikawiri zimakoledwa ndi makoka a asodzi kapena anangula a sitima. Kumtunda kuno adani ndi ochuluka kuposa pamenepo: mathirakitala okumba misewu, madzi osefukira, moto wolusa wa m'tchire, mitengo yogwera pa mapolo, komanso akuba amene amadula nthambo poganiza kuti muli kopa, pamene muli galasi lokha limene alibe kolipititsa. Funso la mainjiniya, tsono, limakhala lakuti ikaduka, mauthenga adzadzera kuti, ndipo adzasamuka mwachangu chotani. Aliyense amene anakumbapo mbewa amadziwa kuti mbewa yochenjera siidalira khomo limodzi, imakhala ndi kauna kena kothawira, ndipo mnyamata wodziwa kukumba amayamba wafufuza kauna kameneko n'kukatseka. Mbali zonse ziwiri za chithunzichi n'zofunika pa nkhani yathu, chifukwa kukhala ndi khomo lachiwiri n'kosathandiza ngati dzanja limodzi lingathe kutseka makomo onse awiri.

Ulusi umodzi wa faiba ndi galasi loyera kwambiri, lopyapyala ngati tsitsi, ndipo mauthenga amayenda m'menemo ngati kuwala kumene kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Ndi luso lotchedwa DWDM, ulusi umodzi umanyamula mitundu ya kuwala yokwana 80 kapena kuposerapo, mtundu uliwonse utasenza magigabiti 100 kapena ochulukirapo pa sekondi, ndipo pa mtunda wa makilomita 80 mpaka 100 alionse pamaikidwa makina owonjezera mphamvu ya kuwalako. Kuchuluka kwa katundu kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti faiba ikhale yotsika mtengo kuposa njira zina zonse, komanso ndi kumene kumachititsa kuti kuduka kwake kukhale koopsa. Khasu limodzi lingathe kuzimitsa mabanki, mafoni, ndalama za pafoni, maofesi a boma ndi zipatala za chigawo chonse nthawi imodzi.

Phindu la njira yachiwiri limaoneka bwino tikaliwerengera. Tiyerekeze kuti nthambo ina imagwira ntchito 99 peresenti ya nthawi yonse. Chiwerengerocho chimamveka chosangalatsa, koma 1 peresenti yotsalayo ndi maola 87 ndi theka pa chaka, kutanthauza masiku oposa atatu ndi theka opanda netiweki. Tikaika nthambo yachiwiri yofanana nayo, imene kuduka kwake sikukhudzana m'pang'ono pomwe ndi kwa yoyambayo, mwayi woti zonse ziwiri zife nthawi imodzi umakhala umodzi pa 10,000, ndipo nthawi yopanda netiweki imatsika kufika mphindi pafupifupi 53 pa chaka. Makampani akuluakulu amalakalaka 99.999 peresenti, zomwe ndi mphindi zisanu ndi masekondi ochepa chaka chonse. Koma masamu onsewa atsamira pa mawu amodzi aja, akuti kuduka kwa ina sikukhudzana ndi kwa inzake. Mawuwo akakhala abodza, masamuwo amagwa onse, ndipo tibwereranso pamenepa.

Njira yosavuta kumva ndi imene mainjiniya amailemba kuti 1+1. Makina otumiza amagawa uthenga pawiri n'kuutumiza nthawi yomweyo pa nthambo zonse ziwiri, ndipo makina olandira amamvetsera zonse ziwiri koma amatenga ya mbali imodzi. Kuwala kukazima pa nthambo imene akugwiritsa ntchito, kapena zolakwika zikachuluka, amangotembenukira ku inayo popanda kufunsa aliyense, chifukwa uthengawo uli kale pakhomo. Ndi yachangu kwambiri ndipo mulibe zambiri zoti zisokonekere, koma mtengo wake ndi woti theka la katundu amene kampani inagula limangobwereza zimene theka linalo likunena.

Pofuna kuchepetsa kuwononga kumeneku, panabwera njira ya 1:1. Mmenemu uthenga umayenda pa nthambo imodzi yokha, ndipo yodikirayo imaloledwa kunyamula katundu wosafunikira kwambiri, amene amatayidwa msanga ngozi ikagwa kuti apereke malo. Njira ya 1:N imapita patsogolo pang'ono poika nthambo imodzi yodikira kuti iteteze zingapo, poganiza kuti sizingafe zonse tsiku limodzi. Vuto ndi lakuti tsopano mbali ziwirizo ziyenera kukambirana, chifukwa wolandira ndi amene amaona kuti kuwala kwazima, pamene wotumiza ndi amene ayenera kusamutsa uthenga. Mu dongosolo lakale lotumizira mauthenga pa faiba lotchedwa SDH, limene ku America limatchedwa SONET, munasungidwa timabaiti (tizigawo ting'onoting'ono ta deta) tiwiri totchedwa K1 ndi K2 tongogwira ntchito imeneyi, ndipo malamulo a ITU, bungwe la maiko onse loona zamtokoma, amanena kuti vuto likangozindikirika, kusamukako kuthe pasanadutse mamilisekondi 50, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Muyeso umenewu unachokera m'nthawi ya matelefoni a m'nyumba, pamene cholinga chinali chakuti makina olumikiza mafoni asaone ngati mzere wafa n'kudula anthu onse amene akuyankhulana. Munthu amene ali pafoni amangomva kaphokoso kakang'ono, mwinanso samva kanthu. SDH ikutha pang'onopang'ono, koma mamilisekondi 50 aja anakhala muyeso umene luso lililonse latsopano limayesedwa nawo.

Malo olumikiza akachuluka, sizingatheke kukumba ngalande ziwiri pakati pa malo awiri alionse. Apa ndi pamene nzeru ya mkombero, umene mainjiniya amautcha ring, inatchukira. Masiteshoni amalumikizidwa mozungulira, woyamba kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu, mpaka womaliza abwerere kwa woyamba, motero kuchokera pa siteshoni iliyonse pali njira ziwiri zopitira kwina kulikonse, ya kumanja ndi ya kumanzere. Pa mtundu wina wa mkombero uthenga umatumizidwa mbali zonse ziwiri ndipo wolandira amasankha, monga pa 1+1 paja. Pa mtundu wina, wotchedwa MS-SPRing, theka la malo pa gawo lililonse limasiyidwa lopanda kanthu, ndipo nthambo ikaduka, masiteshoni awiri amene ali m'mbali mwa poduka amabweza katundu kuti azungulire mbali inayo pogwiritsa ntchito theka lija. Mkombero wotere sungapitirire masiteshoni 16, chifukwa mu timabaiti tija mulibe malo olembamo manambala ochuluka kuposa pamenepo. Pa maukonde a Ethernet, luso lofala lolumikizira makompyuta, lamulo la G.8032 limachita zosiyana pang'ono: gawo limodzi la mkombero limatsekedwa dala masiku onse kuti deta isamangozungulira kosalekeza, ndipo limatsegulidwa pokhapokha gawo lina likaduka. Mitundu yonseyi ili ndi malire amodzi ofanana. Mkombero umapirira kuduka kumodzi. Kukachitika kwachiwiri koyamba kusanakonzedwe, masiteshoni onse amene ali pakati pa malo awiri odukawo amasanduka chilumba.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene anthu saganizira, kokhudza kubwerera. Nthambo ikalumikizidwa, makina abwino sathamangira kubweza katundu pa njira yakale, chifukwa amisiri angakhale akadali pamalopo akugwiragwira ulusi, ndipo kuwala kungabwere n'kuzimanso kangapo. Amadikira kaye, nthawi zambiri mphindi pakati pa 5 ndi 12, kuti atsimikize kuti mzerewo wakhazikika. Popanda kudikira kumeneku netiweki imangodumphadumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumataya deta.

Maukonde amakono akuluakulu anasiya kudalira mikombero yokha ndipo amaoneka ngati ukonde weniweni wa asodzi, pamene siteshoni iliyonse imalumikizana ndi zinzake zitatu kapena zinayi. Mmenemu malo odikira amagawidwa pakati pa njira zambiri, ndipo makina amatha kupeza njira yachitatu ngakhale ziwiri zitafa. Marauta, makina osankhira deta njira, akamagwiritsa ntchito luso lotchedwa MPLS amawerengeratu njira yolambalala pa gawo lililonse, moti akhoza kusamuka mwachangu chofanana ndi SDH. Pakati pa kampani ndi kampani, kapena dziko ndi dziko, ntchitoyo imagwiridwa ndi ndondomeko youzirana njira yotchedwa BGP, imene imachedwerapo, masekondi angapo mwinanso mphindi, chifukwa marauta a eni osiyanasiyana amayenera kuuzana kuti njira yakutiyakuti yafa. Popeza chitetezo chimakhala m'magawo angapo osanjikizana, mainjiniya amalamula gawo la pamwamba kuti lidikire pang'ono kuti la pansi liyambe layesa, apo ayi onse amathamangira kukonza vuto limodzi n'kusokonezana.

Tsopano tibwerere ku mawu aja a masamu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makina onse amene tafotokozawa amagwira bwino ntchito yawo, ndipo si kawirikawiri kuti iwo akhale gwero la tsoka. Gwero limakhala pansi, m'nthaka. Pa chithunzi chojambulidwa mu ofesi, mizere iwiri yochoka mumzinda wina kupita mumzinda wina imaoneka yotalikirana, koma ukaitsata ndi mapazi umapeza kuti potuluka mumzinda zonse zili mu paipi imodzi, kapena zapachikidwa pansi pa mlatho umodzi, kapena zikulowa m'nyumba ya makina pa khomo limodzi. Mainjiniya amatcha magawo otere shared risk link group, kutanthauza gulu la mizere imene ngozi imodzi ingaiphe pamodzi. Ngati nthambo ziwiri zija za 99 peresenti zigawana mlatho umene umakokoloka n'kutenga masiku awiri kuti pakonzedwe, ndiye kuti mphindi 53 zija n'zongolemba papepala, ndipo zenizeni ndi masiku awiri.

Mu Julaye 2001, sitima yapamtunda yonyamula katundu inaphonya njanji n'kuyaka moto m'ngalande ya Howard Street mumzinda wa Baltimore ku America. M'ngalandemo munadutsa nthambo za makampani angapo opikisana, aliyense ataona kuti imeneyo ndiyo njira yachidule yodutsira mzindawo, ndipo moto umodzi unazitentha pamodzi. Pa 14 Malichi 2024, nthambo zinayi, WACS, ACE, MainOne ndi SAT-3, zinaduka m'nyanja kufupi ndi dziko la Côte d'Ivoire, pamalo pomwe zonse zimadutsa moyandikana, ndipo maiko ambiri a kumadzulo kwa Africa anavutika, kuphatikizaponso South Africa. Nthambo ya Equiano, imene imadutsa kutali ndi malowo, inapulumuka, ndipo makampani ambiri anathawira kumeneko. Za pa 12 Meyi zija n'chimodzimodzi. SEACOM inayamba ntchito mu 2009 ndipo EASSy mu 2010, eni ake ndi osiyana, koma zonse zimakocheza pa Mtunzini ku South Africa, zonse zimafika ku Maputo, ku Dar es Salaam ndi ku Mombasa, motero pamene zikuyandikira gombe zimayenda moyandikana. Choipitsitsa chinali chakuti khomo lakumpoto linali kale lopanikizika, chifukwa kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho nthambo zitatu, kuphatikizapo SEACOM yomweyo, zinali zitaduka mu Red Sea, nyanja ya pakati pa Africa ndi Arabia, ndipo zinali zisanakonzedwe. Chinali chitsanzo chenicheni cha kuduka kwachiwiri kofika koyamba kusanapole.

Tsikulo linaonetsanso kuti njira ina ikhoza kukhalapo koma n'kukhala yopapatiza. Intaneti sinazimiretu m'maiko ambiri aja, inangolemera, chifukwa katundu wa nthambo ziwiri anapanikizana pa njira zotsala zimene sizinakonzedwe kuti zisenze zonsezo. Kampani imene ili ndi mizere iwiri, uliwonse wodzaza kupitirira theka masiku onse, ilibe chitetezo chokwanira ngakhale mizereyo itasiyana njira bwanji, chifukwa wotsalawo sungameze zonse. Komanso njira yolambalala imakhala yaitali, ndipo makilomita 1,000 alionse owonjezera amachedwetsa uthenga ndi mamilisekondi asanu popita pokha. Deta yochuluka imene kum'mawa kwa Africa imagwiritsa ntchito imasungidwa m'nyumba za makompyuta za ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndiye njira yakummwera ikatsekeka n'kuyamba kuzungulira kutali, kuchedwako kumamveka ngakhale malo atakwanira.

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, motero intaneti yathu yochokera kunja imadutsa m'maiko a anzathu isanatifike, kudzera m'zipata monga Songwe kulowera ku Tanzania, Mchinji kulowera ku Zambia ndi Mwanza kulowera ku Mozambique. Kukhala ndi zipata zitatu ndi mwayi, koma funso loyenera kufunsa ndi lakuti kutsidyako njirazo zikukathera kuti. Njira ya ku Dar es Salaam ndi ya ku Maputo zikhoza kuoneka zosiyana kotheratu pa mapu, koma ngati zonse zikukalowa mu EASSy ndi SEACOM, ndiye kuti zimakumana pansi pa nyanja. Chitetezo chenicheni chimafuna kuti gawo lina la katundu likhale ndi njira ya kumtunda yofika ku South Africa kapena ku gombe la kumadzulo, kumene kuli nthambo za nyanja ina. M'kati mwa dziko namonso maonekedwe a Malawi sathandiza. Dziko ndi lalitali komanso lopyapyala, ndipo nthambo zimakonda kutsata misewu ndi mizere ya magetsi, imene yambiri imayenda kuchoka kumpoto kupita kummwera. Pakati pa Mzuzu ndi chigawo chapakati pali msewu wa M1 wa kumtunda ndi wa M5 wa m'mphepete mwa nyanja, kotero mkombero ndi wotheka, koma kumalekezero a dziko, monga ku Chitipa kapena ku Nsanje, kutseka mkombero kumafuna ndalama zambiri kapena kudutsa m'dziko la eni. Ndi chifukwa chake ndimaona kuti faiba imene ESCOM inapachika pa mizere yake ya magetsi ndi yamtengo wapatali kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Nthambo ya m'mwamba ndi ya m'nthaka zili ndi adani osiyana, thirakitala siifika pamwamba pa nsanja ya magetsi ndipo mtengo wogwa sukhudza yokwiriridwa. Komabe namondwe wa Freddy, amene anakantha chigawo chakummwera mu Malichi 2023 n'kukokolola misewu, milatho ndi mapolo, anatikumbutsa kuti pali ngozi zina zazikulu moti zimagwetsa za m'mwamba ndi za pansi pamodzi, ndipo zikatero chimene chimapulumutsa ndi mtunda weniweni pakati pa njira ziwirizo, kapena luso losiyana kotheratu monga mawayilesi a microwave ndi setilaiti, ngakhale kuti izi zimanyamula zochepa.

Magetsi nawonso ndi ngozi yogawana. Nthambo ziwiri zikhoza kudutsa m'maboma osiyana, koma ngati zonse zikuthera mu makina amodzi odalira jenereta imodzi, dizilo akatha zonse zimazima. Palinso imfa yachete, imene ndimaiopa kuposa zonse. Njira yodikira ikhoza kuduka, kapena kusokonezedwa ndi mmisiri amene amakonza zina, ndipo popeza palibe kasitomala amene akuigwiritsa ntchito, palibe amene amadandaula. Miyezi imadutsa, ndipo vutolo limadziwika tsiku limene njira yaikulu yaduka. Mankhwala ake ndi odziwika: njira yodikira iziyang'aniridwa usana ndi usiku ngati yaikulu, alamu yake izithamangiridwa mofanana, ndipo nthawi ndi nthawi, pakati pa usiku, katundu azisamutsidwira kumeneko dala kuti aone ngati ikusenza.

Banki, chipatala kapena sukulu yaukachenjede imene ikugula mizere iwiri kwa makampani awiri isakhutire ndi maina awiri pa malisiti. Makampani amabwerekana ulusi, ndipo n'zotheka ndithu kuti onse awiriwo akubwereka kwa mwini nthambo mmodzi. Wogula ali ndi ufulu wopempha mapu enieni osonyeza msewu umene nthambo iliyonse ikutsata, milatho imene ikuwoloka ndi khoma limene ikulowera, ndipo kusiyana kwa njirako kulembedwe mu mgwirizano, chifukwa kampani ikhoza kusamutsa mzere chaka chamawa popanda kudziwitsa aliyense. Zimenezi zimakweza mtengo, ndipo si aliyense amene akuzifuna. Sitolo yaing'ono ikhoza kupirira maola awiri, koma malo amene amayendetsa malipiro a dziko lonse sangapirire.

Chotsala ndi nthawi yokonza, imene imalowa m'masamu mofanana ndi chiwerengero cha njira, popeza ola lililonse limene nthambo yoyamba ili yoduka ndi ola limene netiweki yonse yaima ndi mwendo umodzi. Kumtunda, amisiri amatumiza kuwala mu ulusi ndi chipangizo chotchedwa OTDR, chimene chimayesa kuwala kobwerera n'kunena mtunda umene paduka, kenako amapita ndi galimoto, kukumba, ndi kulumikiza ulusi umodziumodzi ndi makina osungunula galasi, ntchito imene imatha maola angapo ngati msewu ukupitika. Pansi pa nyanja pamafunika sitima yapadera yoti ikoke nthambo kuchokera pansi n'kuilumikiza pamwamba pa madzi, pamafunikanso zilolezo za dziko limene madziwo ndi ake komanso nyengo yabwino. Sitima zotere ndi zochepa, ndipo mbali yaikulu ya gombe la Africa imadalira imodzi yotchedwa Léon Thévenin, imene imakhala ku Cape Town. Mu 2024 sitimayi inali itangochoka kumene kokakonza nthambo za kumadzulo pamene inaitanidwa ku gombe la KwaZulu-Natal, ndipo panadutsa masabata pafupifupi atatu kuti EASSy ndi SEACOM zibwerere m'malo mwake.